Mabatani Awiri a Jekete ya Bambo

Akapitawo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa Tsabola akanawabwezera mawu mpaka makutu awo kutentha, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma iwo anangoima pakhomo la chipinda chositira zovala, manja kumbuyo ngati munthu wodzapepesa maliro, n'kulankhula chapansipansi.

"Mayi, sabata yamawayi mukachedwa ngakhale tsiku limodzi, simbiyo ndipatsa wina. Pali atsikana akudikira ntchito panjapo."

"Atsikana ake ati? Aja oti akagwira malaya oyera amawabweza ali ndi chipsera?"

"Achipserawo amafika m'mawa."

Anatembenuka n'kumapita. Tsabola anadinda simbi pa malaya a munthu wosalakwa mpaka nthunzi inamulowa m'maso. Dzina la Tsabolali anamupatsa ndi malemu mwamuna wake, ndipo chimwalirireni bamboyo palibe amene anaona chifukwa cholisinthira. Simbi imeneyi ndi imene inkadyetsa iye ndi ana ake awiri a pasukulu. Panalibe munda, panalibe mlamu wachifundo. Simbi basi.

Kuchedwa kwake sikunali kwa ulesi. Bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi chaka chapitacho, ndipo anakana kwamtuwagalu kuchoka m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri, kumapeto kwenikweni kwa tauni uko basi imatembenukira. Ankati anamanga okha, adzatulukamo atanyamulidwa. Ana a Bambowo analipo atatu. Woyamba anali Achimwene, oyendetsa lole. Wachiwiri Tsabola. Chitsirizira anali mtsikana wokonza anthu tsitsi, amene onse ankamutchula Dona chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka utoto. Mmodzi mwa atatuwa ankayenera kugonera kwa Bambo sabata yathunthu, kuwadzutsa, kuwasambitsa, kusintha zofunda, kuwamwetsa phala ndi mankhwala, kenako kuwasiya m'manja mwa mayi woyandikana nawo nyumba amene ankawasuzumira masana. Nkhalamba sisambitsidwa mothamanga. Ukamaliza zonsezo, ukwere basi ziwiri, kuntchito umakafika anzako atatuluka kale thukuta.

Poyamba ankasinthana bwinobwino, uyu sabata ino, uyu yamawa. Sizinapite patali. Ikafika sabata ya Achimwene, lole inkapeza ulendo wautali. Ikafika ya Dona, mutu unkamuwawa, kapena panali mkwatibwi wofunika kulukidwa tsitsi. "Tisinthane, achemwali, ndidzakubwezerani." Kubweza kwake kuti? Mapeto ake aliyense ankalumbira kuti sabata yake anagwira kale, ndipo Lamlungu lililonse ankakangana kukhitchini mpaka agalu a anthu kuuwa.

Anali Tsabola yemweyo amene tsiku lina anatsitsa jekete yakale ya Bambo pamsomali, n'kudula mabatani awiri akuluakulu akuda, aphwatalala, mbali ina yosalala, ina ya mizeremizere.

"Batani lilibe lole," anatero. "Batani silidwala mutu. Tiziponya awa Lamlungu lililonse, amene amugwera asatsegule pakamwa. Magwedwe ake ndi atatu, ifenso tilipo atatu. Onse chagada, onse chafufumimba, kapena osiyana. Sankhani."

Achimwene anasankha onse chagada. Dona anazengereza, ndipo Tsabola anafulumira kulanda osiyana asanaganize bwino mng'ono wakeyo. Mumtima ankaseka. Mabataniwo anali a jekete imodzi, ofanana ngati mapasa, olemera chimodzimodzi. Zinthu zofanana chonchi zingamagwe mosiyana kangati? Anapita kunyumba tsiku limenelo akudziona wochenjera kuposa onse a m'mimba ya mayi ake.

Kuyambira pamenepo mabatani anamukonda ngati ntchentche pa chilonda. Achimwene ankagwidwa apo ndi apo. Dona chimodzimodzi. Koma Tsabola, sabata ino iye, yamawa apume, inayo iye, inayonso iye. Akati adandaule, Achimwene ankamukumbutsa kuti, "Paja amene amugwera asatsegule pakamwa. Ananena ndani?" Iye n'kumeza mawu ake omwe, owawa ngati mankhwala a malungo.

Lamlungu limenelo anafika kwa Bambo mawu a akapitawo akumulira m'mutu. Anapeza Dona atakhala pampando wa kukhitchini akupala zikhadabo, Achimwene ataima pawindo akusuzumira lole yawo ngati ingathawe. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseguka pang'ono, Bambo atagona choyang'ana kudenga. Iwo za mabatani sankazidziwa. Ankangoona kuti mwana wina wabwera ndi chikwama, wina wapita.

"Mvetserani," Tsabola anayamba asanakhale n'komwe. "Sabata ino ine ayi. Ndikachedwa andichotsa ntchito."

"Inenso ndili ndi katundu wofunika kukatula," anatero Achimwene.

"Ine ndili ndi akwati awiri," anatero Dona osadzutsa mutu.

"Akwati! Anthu akukwatirana tsiku lililonse m'tauni muno chifukwa cha iwe?"

"Ndiye tiponye, achemwali. Si mwambo wanu?"

Achimwene anatsitsa kapu yosweka chogwirira imene ankasungiramo mabatani pamwamba pa kabati. Anaigwedeza, n'kuikhuthulira m'dzanja. Munatuluka limodzi.

"Lina lili kuti?"

"Mwina makoswe," anatero Dona.

"Khoswe adye batani asiye buledi?"

Anafufuza pansi pa kabati, kuseri kwa ndowa, m'bokosi la mankhwala. Osalipeza. Tsabola anapisa dzanja m'thumba la epuloni imene inali m'chikwama chake. Munthu wosita sasowa batani, amagwa okha pa zovala za eni ake. Anatulutsa lofiira, lalikulu ngati lakuda lija, nalonso mbali ina yosalala, ina ya mizeremizere.

"Ili. Ponyani, nthawi ikutha."

Achimwene anawafumbata, anawapemerera ngati mmene amachitira nthawi zonse, n'kuwaponya patebulo. Lofiira linagwa chagada. Lakuda linazungulira pang'ono, n'kugona chafufumimba.

"Osiyana," anatero Dona mokoma. "Pepani, achemwali."

Tsabola analoza Achimwene chala. "Mwabera! Kupemerera kwanuko n'kwa chiyani? Bweretsani kuno, ndiponya ndekha."

"Lamulo silitero."

"Lamulo ndinapanga ndine, bweretsani!"

Achimwene anakweza mapewa n'kumukankhira mabataniwo. Tsabola anawagwedeza m'manja onse awiri mpaka zigongono kuwawa, n'kuwamwaza. Lofiira chafufumimba. Lakuda chagada.

Dona anaphulika kuseka, anagwira pakamwa ndi zikhadabo zake zija. Achimwene anayamba kale kufufuza makiyi a lole m'thumba.

"Kawiri konse chimodzimodzi, chemwali. Ngakhale iwe ukuona. Ndi zako basi."

Tsabola anali atawerama patebulo, maso pa mabatani.

"Si chimodzimodzi," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati si chimodzimodzi! Poyamba paja chagada linali lofiira. Tsopano chagada ndi lakuda."

"Nanga pali kusiyana kwanji? Osiyana ndi osiyana."

"Khalani pansi, achimwene."

"Ine ndili ndi ulendo."

"Khalani pansi, lole siuluka!"

Anakhala. Tsabola anakankhira kumbali kapu ndi botolo la mankhwala, anapukuta tebulo ndi mkono, n'kuika mabatani awiri aja pakati.

"Iwe Dona, siya zalazo. Lofiirali lingagwe mitundu ingati?"

"Iwiri. Chagada kapena chafufumimba. Mwayamba uphunzitsi?"

"Likagwa chagada, lakudali limatani?"

"Limagwa mmene lafunira."

"Eya! Silifunsa mnzake. Lilibe maso, lilibe makutu. Ndiye taonani." Anagoneka lofiira chagada, n'kulipanikiza ndi chala. "Ili likhale chonchi. Lakuda chagada. Za ndani?"

"Zanga," anatero Achimwene.

Anatembenuza lakuda. "Lakuda chafufumimba. Za ndani?"

"Zanu," anatero Dona.

"Zakwana ziwiri. Tsopano lofiira ligone chafufumimba." Analitembenuza n'kulipanikizanso. "Lakuda chafufumimba?"

"Zanga," anatero Dona.

"Lakuda chagada?"

Tsabola anamenya tebulo mpaka mabatani anadumpha.

"Zanganso! Ziwiri uku, ziwiri uku, zinayi. Magwedwe ndi anayi, si atatu. Inu amodzi, uyu amodzi, ine awiri. Nyumba ya zitseko zinayi, ziwiri zikulowera kuchipinda kwanga, ndiye ine n'kumadabwa kuti alendo achuluka!"

Achimwene anakanda chibwano. Anatenga mabataniwo n'kuwatembenuza okha, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kenako nkhope yawo inawala ngati munthu amene wapeza potulukira.

"Vuto ndi lofiira lakoli. Aja anali akuda onse. Akuda okhaokha magwedwe ake ndi atatu. Tipeze lakuda lina, nkhani yatha."

"Mukuganiza kuti lakuda lija silinkadziwa kuti ndi lina? Mapasa mukawaveka malaya ofanana amasanduka munthu mmodzi? Wina akagwa m'matope wina n'kutsala, amayi awo sadziwa kuti wagwa ndi uti? Magwedwe anali anayi kuyambira tsiku loyamba. Kungoti maso athu ndi amene sankasiyanitsa."

"Komatu osiyana unasankha wekha. Unachita kulanda."

Apa ndiye panamupweteka kwambiri, chifukwa zinali zoona. Akanakhala kuti anamubera, bwenzi ali ndi munthu womugwira pakhosi. Koma dzenje anakumba yekha, n'kudumphiramo yekha, akumwetulira.

"Ndinasankha, eya! Ndine chitsiru, lembani pachipumi. Nanga inu awiri anzerunu, miyezi yonseyi mukundiona ndikunyamula chikwama sabata ndi sabata, simunadabwe?"

"Ine ndinkadabwa," anatero Dona. "Koma ndinkati mwina ndi tsoka la umasiye."

"Tsoka la chiyani?"

"Anthu amatero, achemwali, kuti likakugwera limodzi amabwera ondondozana."

"Mwamuna wanga anafa ndi chifuwa, sanafe kuti azitembenuza mabatani! Ndakhala ndikudzuka kusanache, kutenthetsa madzi, kuchapa zofunda zonyowa, kuthamangira basi tsitsi lili nyankhalala, kutukwanidwa ndi kamnyamata koti ndingakabereke, inu mukuti tsoka? Theka la masabata onse a Bambo ndasenza ndine, inu mukugawana theka linalo ngati bisiketi!"

Ngo! Ngo! Ngo!

Onse anatembenuka. Kuchipinda, sipuni inkamenya kapu yachitsulo. Umu ndi mmene Bambo ankaitanira munthu. Tsabola anazindikira kuti wakhala akukuwa chitseko chili chotsegula.

Analowa motsogozana, Dona pambuyo penipeni. M'chipindamo munkanunkha mafuta opaka ndi sopo. Bambo anali atadzikoka okha mpaka mutu kutsamira khoma, sipuni ili m'dzanja lawo lamoyo. Mawu awo ankatulukira mbali imodzi ya kamwa, olemera, koma ana awo anali atazolowera kuwamva.

"Ndiye ine... ndine wa mabatani?"

Achimwene anayang'ana pansi. Dona anayang'ana Achimwene.

"Eya, Bambo," anatero Tsabola. "A jekete yanu yomwe. Tikanapanda kutero bwenzi titaphana kukhitchiniko."

"Jekete yanga ya ukwati."

"Simuivala."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Diso lawo lamoyo linali louma, losaphethira. Tsabola anayembekeza kuti alira kapena awathamangitsa onse, ndipo anali atakonzeka kale ndi yankho la zonse ziwiri. Koma iwo anatambasula dzanja.

"Ndione."

Achimwene anabweretsa mabatani pa thireyi ya phala n'kuika pamiyendo pawo. Bambo anawatembenuza ndi chala chimodzi, lofiira, lakuda, lofiira, lakuda. Pa unyamata wawo anali kalipentala, ndipo chinthu sankachikhulupirira asanachigwire.

"Anayi," anatero.

"Mwamva?" Tsabola anatembenukira Achimwene. "Mwamva?"

"Ana atatu." Bambo anapuma, n'kumeza malovu movutikira. "Achinayiwo... anga."

"Anu bwanji, Bambo? Mudzisambitsa nokha?"

"Akagwa anga... ndisankha ine."

Dona anaomba m'manja. Achimwene anati n'zachilungamo, mwini thupi ayenera kukhala ndi mawu. Tsabola anaganiza mofulumira. Amodzi mwa anayi m'malo mwa awiri. Ndipo akagwa a Bambo, ndani sadziwa kuti nkhalamba imakonda mwana wake wamwamuna, kapena chitsirizira chake chopaka utoto? Iye ndi amene ankawakalipira akakana mankhwala, ndi amene anawalanda fodya. Sangamusankhe.

"Chabwino," anatero. "Lofiira chagada, lakuda chafufumimba, anga. Lakuda chagada, lofiira chafufumimba, a Bambo. Zija taponya kukhitchini zafa. Ponyani pompano onse tikuona, ndipo musapemerere."

Achimwene anaponya pa thireyi. Lofiira linagona msanga chafufumimba. Tsabola anatulutsa mpweya, chifukwa ake anali atapita. Lakuda linagudubuzika m'mphepete mwa thireyi, linagunda sipuni, n'kugwa chagada.

"A Bambo!" anakuwa Dona, n'kubisala kumbuyo kwa Achimwene mwamasewera.

Bambo anakweza dzanja lawo lamoyo. Linakwera pang'onopang'ono, linadutsa Achimwene, linadutsa pamene panasuzumira Dona, n'kuima. Chala chinaloza pachifuwa pa Tsabola.

"Ine?"

"Uyu," anatero Bambo, akuuza enawo. "Madzi ake... ofunda. Uyo amakwecha ngati akutsuka matayala. Uyo zala zake... mipeni."

Dona anabisa manja kumbuyo. Achimwene anatsokomola.

Tsabola anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. Anaona zitseko zinayi zija, ndipo ziwiri zinali zikulowerabe kuchipinda kwake, lero, Lamlungu lamawa, mpaka kalekale. Kusamala kwake komwe ndi kumene kunamugwira mwendo. Akanakhala wokwecha ngati Achimwene bwenzi ali mfulu. Chinamukwiyitsanso china: mawu a Bambowo anali atamukhudza mtima, ndipo iye sankafuna kuti aliyense m'chipindamo aone zimenezo.

Anagwada pafupi ndi bedi kuti nkhope yake ifanane ndi yawo.

"Bambo, mundimve bwino, sindibwereza. Mukandiloza, mawa ndichedwa. Ndikachedwa, ntchito yatha. Ikatha, adzukulu anu adya chala chanuchi?"

Chala sichinasunthe.

"Ndikunena ndi inu."

Sichinasunthe. Nkhalamba imene inakana kuchoka m'nyumba yake sikanabweza dzanja chifukwa chouzidwa.

Tsabola anagwira mkono wawo ndi manja onse awiri, pamene ankaugwira powavula malaya, n'kuyamba kuutembenuza. Unalimba. Munali mphamvu mumkono umenewo, ya munthu amene anapala matabwa moyo wake wonse. Anayang'anana, bambo ndi mwana wake, onse nsagwada zitalumana. Kenako mkonowo unafewa wokha. Tsabola anaupititsa kumanzere mpaka chala chinaloza pamimba pa Achimwene, n'kuusiya.

Unakhala pomwepo.

"Aka ndiye n'kubera koonekeratu!" anatero Achimwene. "Dona, waona? Bambo, nenani nokha, mwasankha ndani?"

Bambo anatseka maso. Chala chili chilozere.

"Wa lole," anatero.

"Koma katundu wanga..."

"Amene amugwera asatsegule pakamwa," anatero Dona, n'kuthawira kukhitchini.

Bambo anatsitsa dzanja, anadzikankha ndi chigongono mpaka anatembenukira kukhoma. Tsabola anawakokera bulangeti paphewa. Anachotsa thireyi pamiyendo pawo, anaponya mabatani m'kapu yake ija, n'kukokera Achimwene pambali.

"Madzi muziyesa ndi chigongono, osati ndi dzanja lanu lachikopalo. Muziyamba nkhope, kumalizira mapazi. Mbali yakufayo samva, ndiye musaikweche, imasupuka. Muziipukuta mpaka iume, makamaka m'khwapa."

"Ndimadziwa, chemwali."

"Mukanadziwa bwenzi atakulozani okha."

Anatenga chikwama chake, chimene anabwera nacho chodzaza ndi zovala za sabata yonse chifukwa anali atazolowera kugonja, n'kuima pakhomo la chipinda.

"Ndapita, Bambo. Ndibwera Lamlungu."

Anangoona msana wawo ndi tsitsi loyera la kunkhongo. Anadikira. Anakonza lamba wa chikwama paphewa, ngakhale sanali wopotoka, n'kudikirabe. Msanawo sunatembenuke.

Anali atafika kale pampanda pamene Achimwene anatulutsa mutu pawindo la kukhitchini, atanyamula sopo m'manja onse awiri.

"Iwe Tsabola! Wa Bambo ndi uti apa, woyerayu kapena wobiriwirayu?"

"Wobiriwirayo ndi wotsukira mapoto! Miyezi yonseyi mwakhala mukuwasambitsa uti?"

Mutu unabwerera m'kati msangamsanga. Kumunsi kwa msewu basi inali itayamba kale kutembenuka, ndipo Tsabola anathamanga, chikwama chikumumenya m'nthiti, akutukwana njira yonse.